Nyumba Ikamazizira Kuchokera Pansi

M'mizinda ya kumpoto kwa England monga Leeds, Sheffield, Bradford ndi Manchester muli nyumba zambirimbiri za njerwa zogundizana makoma, zomangidwa m'zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nthawi imene mafakitale a nsalu ndi zitsulo ankafuna antchito ochuluka. Lero nyumba zimenezi ndi zina mwa zomwe mlendo angakwanitse kulipira lendi kapena kugula pa ngongole, n'chifukwa chake abale athu ena ogwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba mumawapeza mmenemo. Pansi pa nyumba zambiri zotere pali chipinda chokumbidwa m'nthaka, chomwe kumeneko amati cellar. Kale ankasungiramo malasha, ndipo pakhomo pa nyumba zina mpaka pano pakadali chivundikiro chachitsulo pomwe ankathirira malashawo. Masiku ano mumakhala mita ya gasi, mita ya magetsi, njinga za ana ndi masutikesi odikira ulendo wa kumudzi.

Chipindachi sachitenthetsa. Kuyambira Novembala mpaka Malichi mpweya wa mmenemo umakhala wozizira ndiponso wachinyontho, ndipo chomwe chimaulekanitsa ndi pabalaza, pomwe ana amakhala pansi kuonera TV, ndi matabwa okhuthala masentimita 2 okha, pamwamba pake kapeti. Mutha kuyatsa hita tsiku lonse, kumaso n'kumamva kutentha, koma mapazi ali zii. Chiyambire 2022, pamene mitengo ya gasi ndi magetsi inakwera mpaka boma la Britain kulowererapo, anthu ambiri akhala akufunsa kuti kutentha komwe amalipira kukuthawira kuti. Yankho lomwe amamva kawirikawiri ndi lakuti atsikire ku cellar, akaike thonje la miyala ku denga lake. Langizoli ndi labwino ndithu, koma si la nyumba iliyonse. Likatsatidwa mwachimbulimbuli limatha kuoletsa matabwa omwe akhala ali bwinobwino kwa zaka zoposa 100.

M'masitolo a zomangira thonjeli amalilemba kuti mineral wool, ndipo lilipo la mitundu iwiri ikuluikulu. Mtundu woyamba amaupanga posungunula mwala wakuda wotchedwa basalt, nthawi zambiri pamodzi ndi zotsalira za m'ng'anjo zosungunulira chitsulo, pa moto wa madigiri pafupifupi 1,500. Mwala wosungunukawo amauthira pa magudumu ozungulira mwaliwiro, omwe amaumwaza n'kukhala tiulusi tosalala. Kenako amawazapo zomatira ndi mafuta pang'ono oletsa madzi, n'kupanikiza kuti pakhale zidutswa zolimba. Chilengedwe chinayamba kale kuchita zimenezi: ku Hawaii mphepo ikaomba chiphalaphala cha phiri lophulika, pamatsala tiulusi tomwe anthu a kumeneko amati ndi tsitsi la Pele. Kampani ya Rockwool inayamba kupanga thonje lotere mu 1937 ku Hedehusene m'dziko la Denmark. Mtundu wachiwiri ndi wa galasi, wopangidwa ndi mchenga ndi magalasi akale, ndipo umadziwika ndi makampani monga Owens Corning, yomwe inakhazikitsidwa ku America mu 1938, Isover ndi Knauf. Lagalasi ndi lopepuka, lotchipa, ndipo limabwera m'mipukutu. Amene anakwerapo m'siling'i ya nyumba za ku Johannesburg analionapo, la mtundu wa pinki. Pa ntchito yoika chinthu pamwamba pa mutu, ine ndimakonda zidutswa za miyala, chifukwa zimaima zokha, sizilendewera.

Mwala pawokha sutchinga kutentha. Chomwe chimagwira ntchito ndi mpweya wotsekeredwa pakati pa tiulusi tija, womwe sutha kuyendayenda. Thonjeli lili ngati bulangete: silipanga kutentha, limangosunga komwe kulipo, likanyowa silithandiza, likasiya mpata, mphepo imalowera pomwepo. Pa phukusi lililonse pamalembedwa nambala yosonyeza mmene kutentha kumadutsira, ndipo ya thonjeli imakhala pakati pa 0.032 ndi 0.044. Nambala ikachepa ndiye kuti thonjelo ndi lamphamvu. Chidutswa chokhuthala masentimita 10 chimatchinga kutentha kofanana ndi khoma la njerwa lopitirira mita imodzi ndi theka. Malamulo a zomangamanga a ku England amafuna kuti pansi pa nyumba yakale pakakonzedwa, muyezo wa kutayika kwa kutentha, womwe amautcha U-value, utsike kufika pa 0.25. Pa matabwa, zimenezi zimafuna thonje la masentimita pafupifupi 15. Ku Germany malire ake ndi 0.30.

Koma musanayeze chilichonse pali funso limodzi lomwe ntchito yonse yagonapo, ndipo ambiri amalilumpha. Kodi cellar yanu ili m'kati mwa nyumba kapena kunja? Sindikunena za makoma. Ndikunena za malire a pomwe mukufuna kuti kutentha kuthere. Mukaika thonje ku denga la cellar, ndiye kuti mwagamula kuti chipindacho n'chakunja, kutentha kuzilekezera pa matabwa a pabalaza. Chigamulochi chili ndi zotsatira zake, ndipo simungachisinthe mwezi ndi mwezi.

Apa m'pamene malangizo a ku America ndi a ku Ulaya amasiyanira, ndipo munthu wowerenga pa intaneti amasokonezeka chifukwa onse amalankhula motsimikiza. Ku United States ndi ku Canada chipinda cha pansi chimakhala chachikulu, cha simenti, ndipo mumakhala makina otenthetsera nyumba yonse, mipope ya mpweya wotentha, makina ochapira, mwinanso pogona alendo. Chipinda chotere n'cham'kati kale. Kutchinga denga lake n'kudula nyumba pakati, kusiya makina otenthetsera kumbali yozizira. N'chifukwa chake akatswiri a kumeneko, monga Joseph Lstiburek wa Building Science Corporation, akhala akulangiza kwa zaka zambiri kuti m'nyumba zotere azitchinga makoma, osati denga. Akunena zoona, pa nyumba zawozo. Cellar ya ku Leeds ndi ina. Ndi yaifupi, pansi pake pali miyala yoyala kapena njerwa, makoma ake amayamwa chinyontho cha m'nthaka, ndipo omanga anaikamo dala njerwa zoboola kuti mphepo izidutsa. Anaimanga kuti ikhale yozizira. Kuisandutsa chipinda chokhalamo ndi ntchito yaikulu, yofuna kutchinga madzi, mpope wopopa madziwo ndi chilolezo cha khonsolo. Kwa banja lomwe likungofuna kuti mapazi a ana afunde, denga ndiye malo ake.

Tsono dziwani chomwe mukusinthanitsa. Kutentha kuja komwe kunkatayikira pansi sikunkangopita pachabe. Kunkaumitsako cellar pang'ono, kunkatetezanso mapaipi kuti madzi asaundane. Mukakutsekera pamwamba, chipindacho chizizira kuposa kale, ndipo mpweya wozizira susunga nthunzi yambiri. Chinyontho chomwe chinkabisala mumpweya chimayamba kuonekera pa makoma, pa makatoni, pa nsapato zachikopa. Zovala zomwe mwakhala mukusonkhanitsa kuti mukagawire achibale mutha kuzipeza zitachita chuku. Vutoli silithera m'nyengo yozizira yokha. M'miyezi yotentha mpweya wofunda wa kunja ukalowa n'kukhudza makoma ozizira, makomawo amachita thukuta.

Ndiye ntchito yoyamba si ya ku sitolo. Tengani tochi ndi sikuludiraiva, mutsike, muyang'ane kumwamba. Muona mitanda ya matabwa yomwe yanyamula pansi pa balaza, yotalikirana masentimita pafupifupi 40. Pakati pa mtanda sipavuta kwenikweni. Pamavuta ndi kumapeto, pomwe mtandawo walowa m'khoma la njerwa. Bayani pamenepo. Thabwa labwino limakana, sikuludiraiva imangosiya kachizindikiro. Lowola limalola chitsulo kulowa, nthawi zina limafumbutuka m'tizidutswa tangodyangodya ta mtundu wa khofi. Mukaona zoyera ngati thonje zikuyanga pa thabwa, kapena fumbi lofiirira, kapena mukamva fungo la bowa, imani. Ameneyo atha kukhala bowa wodya matabwa wotchedwa Serpula lacrymans, yemwe amayanga ngakhale pa njerwa kufunafuna thabwa lina, ndipo amafuna katswiri. Pali kachipangizo kotchipa ka mano awiri koyezera chinyontho m'thabwa. Kakaonetsa kupitirira 20 peresenti, thabwalo lili pangozi, ndipo kulikuta ndi thonje n'kubisa matenda.

Chinyontho chambiri chimakhala ndi gwero looneka: ngalande ya m'mphepete mwa denga yothyoka yomwe imathira madzi pa khoma, dothi kapena simenti ya panja yomwe inakwezedwa mpaka kukwirira njerwa zoboola, paipi yodontha pansi pa sinki. Njerwa zoboolazo ambiri amazitseka ndi nsanza kapena thovu pofuna kuletsa mphepo. Ndikumvetsa chifukwa chake, munthu akazizidwa amatseka paliponse polowa mphepo. Koma ndi mabowo amenewo omwe asunga mitandayo ili yamoyo mpaka lero. Mukaika thonje, ntchito ya mabowowo imakula. Atseguleni, muwasese, ndipo thonje lisawaphimbe.

Cholakwika china chomwe chimandidetsa nkhawa chimachitika ndi anthu osamala, ofuna kuti ntchito ioneke yaudongo. Akamaliza kuika thonje amakhomera pepala la pulasitiki kunsi kwake kuti fumbi lisagwe. Taganizani za nthunzi ya m'nyumba: kusamba, nyemba zowira maola atatu, zovala zoyanikidwa pa hita chifukwa kunja kuli mvula, ngakhale mpweya womwe anthu akupuma. Nthunzi imeneyi imayenda kuchoka kofunda kupita kozizira. Ina imadutsa m'mipata ya matabwa, n'kudutsanso m'thonje, chifukwa thonje la miyala siliitchinga. Ikapeza njira imatulukira mu cellar, mphepo n'kuitenga. Ikakumana ndi pulasitiki wozizira imasanduka madzi pomwepo, n'kunyowetsa thonje ndi mitanda, kopanda woona. Chotchinga nthunzi malo ake ndi kumbali yofunda, kutanthauza pamwamba, pafupi ndi matabwa a pabalaza. Ku America, komwe thonje lina limabwera ndi pepala mbali imodzi, pepalalo limayang'ana kumwamba pa chifukwa chomwechi. Kunsi kumafunika chinthu chopuma: ukonde wa pulasitiki wamabowo, kapena nsalu ija amayala pansi pa matailosi a denga, yomwe imaletsa mphepo koma imalola nthunzi kutuluka. Pa ziwirizi nsaluyo ndiyo yabwino, chifukwa imaletsanso mphepo ya mu cellar kuomba m'kati mwa thonje.

Kuika kwenikweniko si kovuta, koma kumafuna kufatsa. M'nyumba yakale mulibe mipata iwiri yofanana, ndiye yezani mpata uliwonse pawokha, kumayambiriro ndi kumapeto. Goneketsani chidutswa pa thabwa, mudule ndi mpeni wautali wa mano, wonga wodulira buledi, mukuonjezera sentimita imodzi pa muyezo wanu. Lowetsani mbali imodzi kaye, mufinye inayo pang'ono, mukankhire kumwamba ndi chikhatho chonse, osati ndi zala. Chidutswa chodulidwa bwino chimadzigwira chokha pakati pa mitanda, mukachotsa dzanja sichitsika. Chikankheni mpaka chikhudze matabwa a pamwamba. Pakatsala mpata pakati pa thonje ndi matabwawo, mpweya wozizira umapeza njira n'kumayenda mmenemo, ndipo ndalama zanu zimakhala zapita pachabe. Musachipanikize kuti chilowe pamalo pochepa, chifukwa mukatero mwafinya mpweya womwe mumagula. Pomwe padutsa paipi, chekani thonje kuti paipiyo ilowe m'kati mwake. Zidutswa zikumane mutu ndi mutu popanda kampata. Pomaliza khomani nsalu ija ndi timatabwa topyapyala topingasa mitanda, chifukwa pansi pa nyumba pamagwedezeka anthu akamayenda, ndipo pakapita zaka chidutswa chosachirikizidwa chimatsetsereka.

Anthu ambiri amamaliza zonsezi n'kudabwa kuti mphepo ikumvekabe m'miyendo. Chifukwa chake n'chakuti thonje limachedwetsa kutentha koma silitseka mphepo. Mpweya wofunda ukamakwera n'kutulukira ku denga la nyumba, umakoka wozizira kuchokera pansi kudzera m'mabowo a mapaipi, m'mphepete mwa makoma ndi m'mipata ya pakati pa matabwa. Mipata imeneyi imatidwe kaye thonje lisanalowe. Musaiwalenso chitseko cha ku cellar ndi kakhoma ka m'mbali mwa masitepe ake, komwe nthawi zambiri ndi matabwa opyapyala. Nthawi zina kumata mipata kokha kumasintha nyumba kuposa mmene munthu amayembekezera.

Ku denga la cellar kumadutsa mawaya a magetsi, ndipo waya amatentha akamagwira ntchito. Akakwiriridwa m'thonje kutenthako kumasowa kopita. Malamulo a zamagetsi a ku Britain, BS 7671, amati waya wokutidwa mbali zonse kwa theka la mita kapena kuposerapo aziwerengedwa kuti anganyamule theka lokha la mphamvu zake. Oopsa kwambiri ndi a shawa ya magetsi ndi a chitofu. Mawaya akhale kunsi kwa thonje, poonekera, ndipo ngati pakufunika kuwasuntha itanani wamagetsi. Mapaipi a madzi omwe atsala kumbali yozizira avekeni zofunda zake, makamaka omwe ali pafupi ndi njerwa zoboola, chifukwa madzi akaundana paipi imaphulika. Ngati boila ya gasi ili mu cellar, musakhudze paipi yake ya utsi kapena polowera mpweya wake musanafunse munthu wolembetsedwa ku Gas Safe Register. Moto wosowa mpweya umatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo womwe kwathu umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Belu lochenjeza za mpweyawu lisasowe m'nyumba.

Nanga thonjelo palokha n'loopsa? Limayabwa, limatsokomoletsa, ndipo pogwira ntchito chagada fumbi lonse limagwera kumaso. Valani magalasi otseka m'mbali, masiki yabwino ya fumbi, magolovesi ndi malaya a manja aatali, ndipo mukamaliza tsukani khungu ndi madzi osalikanda. Za khansa, bungwe la IARC, lomwe lili pansi pa World Health Organization, linaunikanso nkhaniyi mu 2001 n'kuchotsa thonje lotchingira nyumba la miyala ndi la galasi pa gulu la zinthu zokayikiridwa kuti zingayambitse matendawa. Choopsa chenicheni mu cellar yakale ndi china. Asibesitosi analetsedwa kotheratu ku Britain mu 1999, ndipo nyumba iliyonse yomangidwa kapena kukonzedwa chisanafike chaka cha 2000 itha kukhala naye. Mukaona zoyera ngati choko zokutira mapaipi akale, kapena mabolodi otuwa okhomedwa ku denga kapena pafupi ndi boila, musaboole, musathyole. Ayezedwe kaye. M'madera ena, monga Cornwall, Devon ndi mbali zina za Derbyshire, nthaka imatulutsanso mpweya wa radon womwe umaunjikana m'zipinda za pansi. Kumeneko kumata mipata ndi kusiya njerwa zoboola zotsegula ndi nkhani ya mapapo, osati ya kuzizira kokha.

Wina anena kuti bwanji osagula mabolodi a thovu louma, omwe amatchinga kwambiri ali opyapyala. N'zoona, bolodi la PIR nambala yake ili cha pa 0.022, ndipo pomwe denga lili lalifupi kwambiri kusiyanako kumathandiza. Koma bolodi silipindika. Pakati pa mitanda yokhotakhota limasiya mipata, limatchinga nthunzi kuti matabwa asapume, ndipo limayaka. Thonje la miyala lili m'gulu la A1, la zinthu zosayaka, ndipo ulusi wake umapirira moto wopitirira madigiri 1,000. Chichitikire ngozi ya Grenfell Tower ku London pa 14 Juni 2017, pomwe anthu 72 anafa moto utafalikira m'zokutira za kunja kwa nyumbayo, palibe amene ayenera kupeputsa funso lakuti chomwe akuika m'nyumba chimayaka kapena ayi. Mu cellar muli mita ya gasi ndi bokosi la magetsi, ndipo pamwamba pake mpomwe banja limadutsa pothawa. Wofuna chitetezo chokwanira akhome mabolodi a plasterboard kunsi kwa mitanda, akatsimikiza kuti matabwa ndi ouma. Za phokoso musayembekezere zambiri. Thonje limachepetsa kulira kwa makina ochapira, koma mgugu wa mapazi umayenda m'mitanda momwemo.

Ku Germany, komwe madenga ambiri a zipinda za pansi ndi a konkire, ntchito yake ndi yosiyana pang'ono. Kulibe mitanda yolowetsamo thonje, ndiye amagula zidutswa zolimba zokhala ndi nkhope yosalala, n'kuzimata ndi matope ake a simenti kapena kuzikhoma ndi zomangira za mitu yotambalala. Amisiri osamala amatsitsanso thonjelo pa makoma pafupifupi theka la mita, chifukwa kutentha kumazemba kudzera pomwe khoma lakumana ndi denga.

Kwa abale athu amene ali pa lendi kunjako, mawu ndi awa: musakhome kanthu eni nyumba asanavomere, ndipo avomere polemba. Muli ndi poyambira. Kuyambira Epulo 2020, nyumba ya lendi ku England ndi ku Wales siyenera kukhala pansi pa giredi E pa satifiketi ya EPC, yosonyeza mmene nyumba imagwiritsira ntchito gasi ndi magetsi, pokhapokha itapatsidwa chilolezo chapadera. Satifiketiyo aliyense atha kuiona pa intaneti, ndipo imatchula zomwe nyumbayo ikufunika kukonzedwa. Chinyontho ndi matabwa owola ndi udindo wa eni nyumba, choncho jambulani zithunzi muwatumizire. Kwa amene anagula yawo, iyi ndi imodzi mwa ntchito zochepa zomwe munthu angagwire yekha osazula kapeti kapena kusuntha mipando, popeza zonse zimachitikira kunsi.

Chigamulo changa n'chakuti ngati cellar yanu ndi yosakhalamo, mitanda yake ndi youma, ndipo mphepo imadutsamo, thonje la miyala la masentimita 15 ndi chinthu choyenera, ndipo mapazi adzakuuzani kusiyana kwake m'nyengo yozizira yoyamba. Ngati mumafuna kudzaisandutsa chipinda chogona, sungani ndalamazo mudzatchinge makoma. Ngati ndi yonyowa, thonje lidikire. Musanagule ngakhale phukusi limodzi, dikirani tsiku lomwe mvula yagwa usiku wonse, mutsikeko m'mawa ndi tochi, mukaone pomwe madzi alowera.